Madontho atatu ofiira

"Ayi, iyo sindikufuna. Tsitsani katoniyo."

Davison anapuma mokweza kuti mayiyo amve. Chitsegulire shopu yake yokonza makompyuta kuseri kwa msika wa pa boma la Chadiza, anali asanakumanepo ndi kasitomala wovuta ngati ameneyu. Dzina lake anati ndi Mailesi, mlembi wa kalabu ya alimi ku Zemba. Ankafuna kompyuta yotchipa, yolumikiza zipangizo zakale. Mayina a alimi ake ankafunika ku ofesi ya zaulimi pofika Lachisanu, apo ayi kalabu yonse isalandire feteleza.

"Amayi, ramu yatsopano ndi iyi. M'katonimo ndi kumanda," anatero Davison, atanyamula ramuyo, kachipangizo kothandiza kompyuta kukumbukira.

"Ndiye ndifukula."

M'katonimo munali zipangizo za makompyuta amene Davison anauza eni ake kuti anapsa ndi mphenzi. Pa shopu imeneyi mphenzi inkagwa ngakhale mu Juni.

Mailesi anathira zonse patebulo n'kuyamba kusankha ngati akusankha mtedza wambewu. Chilichonse ankachitembenuza, kuchiyang'ana kunsi, n'kuchiponya kumbali. Pa madabodi, ija amalumikizapo zipangizo zonse, anakana yonyezimira, natenga yafumbi. Pa hadi disiki, ija yosunga zolembedwa zonse, anakana yaikulu, natenga yaing'ono yokandika pakona.

"Mukudziwa n'komwe ntchito ya chimene mwagwiracho?" anafunsa Davison.

"Inu mukudziwa ntchito ya pakamwa panupo?"

Panja, pa benchi, bambo wina amene anabwera ndi Mailesi ankangosenda mtedza. Davison anamuwerengera ngati mwamuna wogonja kalekale.

Mkwiyo wa Davison unayamba kuzirala. Mayi wakumudzi wosadziwa kanthu, wouma mutu, akudzisankhira yekha zinyalala! Maso ake anali pa mfundo yonenepa imene inali pakona ya chitenje cha Mailesi. Mumtima anawonjezera mtengo wa chipangizo chilichonse kawiri, ndi kena pamwamba kolipirira mwano.

"Fani iyi imalira ngati chigayo," anatero, pofuna kuoneka wachilungamo.

"Ilire. Mangani."

"Ikakafa m'njira musabwerenso kuno."

"Kuno sindidzabweranso. Mangani, ndati."

Davison anamanga mothamanga. Chodabwitsa, zipangizozo zinalowana bwinobwino popanda kukakamiza. Davison anadziyamikira luso. Atayatsa, fani inalira, sikirini inawala, kompyuta n'kufunsa mawu achinsinsi.

"Apa ndiye tifufute zonse, tiyambe pachiyambi," anatero, akutambasula dzanja.

Mailesi anamenya dzanjalo. Ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, anadina zilembo zisanu ndi chimodzi. Kompyuta inatseguka. Mayina a alimi a ku Zemba anadzaza sikirini.

Kenaka Mailesi anamasula mfundo ya pachitenje ija. Munalibe ndalama. Munali kabotolo ka penti wofiira wa m'zikhadabo. Anatola ramu ina imene anaipatula m'katoni muja, naitembenuza: kunsi kwake kunali madontho atatu ofiira.

"Kwathu mbale yopita kumaliro timaiika chizindikiro kuti ibwerere," anatero. "Nayonso kompyuta ya kalabu ndinaidonthezera pentiyu pa chiwalo chilichonse apampando athu asanabwere nayo kuno, ija munawauza kuti inapsa. Alamu, lowani."

Bambo wa pa benchi anasasa makoko a mtedza, natulutsa unyolo wa apolisi m'thumba la jekete.