Seva Yakutali

"Alamu, fulumirani, bambo akufooka," anatero mwana wamkazi wa bambo wina wodwala m'chipatala. Uthenga umene mchimwene wake wokhala kunja kwa dziko anajambulira bambo awo unkakana kumveka pafoni.

Mlamu wakeyo, wokonza makompyuta, anapukuta thukuta. "Seva yapafupi, kompyuta yosunga mauthenga a pa intaneti ija, sinaulandirebe. Yakutali ili nawo, koma mawu azidukaduka."

"Yakutali yomweyo. Mulungu atithandize."

Namwino anakweza pilo mwakachetechete. Mawu anamveka: "Bambo, ndine..." kenako zii, foni ikukokabe otsalawo.

Bambowo anatsegula maso n'kuyamba kuyankha. Mawu akaduka, iwo ankalankhula, akabweranso, ankamvetsera.

Uthenga utatha anamwetulira. "Mwana ameneyu wasintha," ananong'ona. "Lero akumandidikira kuti ndimalize kulankhula."