Nyali yoyera ya pa masitepe

Inali faifi koloko madzulo, kutada kale, mvula ikuwaza m'dera la Govanhill, kutsidya kwa nyanja. Bambo Goodwill Kachere, okolopa masitepe a nyumba yosanjikizana, anavomera kupachikira Mayi Lau, a ku China, nyali za chaka chatsopano. Mayiwo anazipanga okha ndi pepala ndi nsungwi, ndipo malamulo anachuluka: zofiira zokhazokha, ziwiriziwiri. Yoyera ndi ya maliro, ndipo amuna awo anali chigonere.

Atapachika zisanu ndi zitatu, Bambo Kachere anatsika pa makwerero. Pakati pa zofiirazo pankalendewera yoyera, ikuyaka.

"Ana a m'nyumba muno kusamva!" anatsonya, nakaitaya m'bini kuseri. Pobwera anaipeza pomwepo, youma bwinobwino. Anakaitayanso mothamanga kuti mayiwo asaione.

Pobwera ulendo uno anapeza Mayi Lau ali pakhomo, maso m'mwamba.

"Mayi, ine yanditopetsa. Ndi yanu imeneyi?"

"Pepala loyera sindisunga. Mwaigwira?"

"Kawiri konse."

Mayiwo anayang'anitsitsa manja a bambowo, natseka chitseko pang'onopang'ono, nakhoma.

Bambo Kachere anapukuta manja pa ovolosi, natola mopu, nayamba kukolopa osadzutsa mutu.