Mawu Oyamba ndi "Sha"

Kathumba ka nyemba kanagwera m'manja mwa Towela, mwana watsopano m'kalasi ya mphunzitsi Tryness ku Chelstone. Lamulo la masewerawo linali losavuta: wowakha atchule mawu oyamba ndi "sha", kenako aponyere mnzake.

"Shati!" anatero Towela, akusisita nsalu ya kathumbako. "Ba ticha, iyi ni shati ya ba dadi. Ba Phineas. Bamabwela kwathu pa Chisanu."

Kathumbako Tryness anasoka yekha, atang'amba malaya akale a mwamuna wake. Phineas yemweyo, amene Lachisanu lililonse amati akukachezera kupemphera kutchalitchi.

Ana onse anatambasula manja, kudikira.

"Ponya, mwanawe," anatero Tryness.

Towela anaponyera iyeyo. Kathumbako kanamugunda pachifuwa n'kugwa pansi.