Mkamwini Amene Anatseka Mphuno ya Injini

Panali munthu wina amene anzake ankangomutchula kuti a Ndimadziwa. Ukamuuza kuti chingwe cha nsapato chamasuka, ankayankha kuti ndimadziwa, uku akupunthwa. Nkhaniyi anandiuza ndi munthu woti anaona ndi maso ake, ndipo mpaka pano imandinyansa.

Apongozi ake aamuna anali ndi njinga yamoto yakale, yomwe anaiyendetsa zaka makumi awiri osawasiyapo panjira. Ng'ala itawaphimba maso onse awiri, anapereka makiyi kwa mkamwiniyu kuti azinyamulira anthu, banja lizidya. Anangopempha chinthu chimodzi. Madokotala ochotsa ng'ala ankabwera kuchipatala chachikulu kamodzi pachaka, tsiku limodzi lokha, ndipo dzina la mkuluyo linali litalembedwa kale.

"Tsiku limenelo mudzandifikitse m'mawa, apongozi. Ndionenso nkhope za ana angawa."

"Zimenezo ndimadziwa, bambo."

Tsiku lina akutsuka njingayo, anaona kapaipi kakuda kakulendewera pansi pa injini, kukamwa kwake kuli timafuta pang'ono. Pamenepo nzeru zinamubwerera, akuti a kufakitale anaiwala kutseka. Anasema kamtengo, kukhomera m'menemo, kumangapo ndi waya, n'kuimirira manja m'chiuno ngati wapeza mankhwala a imfa.

Komatu kapaipi kameneko ndi mphuno ya injini. Mpweya wotentha wa m'kati umatulukira m'menemo. Ukautsekera umafuna kwina kodzera, ndipo pofewa ndi pa gasiketi, kachinthu kopyapyala kamene kamakhala pakati pa zitsulo ziwiri kuti oyilo asatuluke.

Sabata isanathe, pakhonde panadzaza madontho akuda. A Ndimadziwa anagula gasiketi yatsopano n'kuika. Masiku anayi, yaphulika. Anagula ina, n'kutukwana wogulitsa kuti ndi wakuba. Yachitatu anachita kudula yekha pa katoni ya sopo, akuti iyi ndiye yolimba. Inangofika pamphambano n'kuphulika.

Mkulu uja ankakhala pakhonde n'kumamvetsera injiniyo ikamalira.

"Apongozi, injiniyi ikubanika. Tayang'anani kapaipi kapansiko ngati sikanatsekeke."

"Chabwino, bambo."

Atangozungulira kuseri kwa nyumba, mkamwiniyo anayamba kuseka uku akuuza mkazi wake.

"Munthu sakuona ndi chala chake chomwe, aone za m'injini?"

"Bambo akhala nayo kalekale njingayi. Kungowerama n'kuyang'ana kukuvutani chiyani, abambo ake a mwana?"

"Iwe dziwa za kukolopa. Za zitsulo utisiyire amuna."

Kutatsala masiku awiri kuti madokotala afike, mantha anamugwira pang'ono. Anthu anali atasiya kukwera njinga yake chifukwa oyilo ankawadetsa zovala. M'malo mopita pakhonde kukafunsa, anaimika njingayo pamene panali makaniko wina wachilendo m'mbali mwa msewu, wa ovolosi yoyera bwino ndi masipanala awiri. Makaniko wa ovolosi yoyera, inu, ngakhale mwana akanadabwa. Koma munthuyo anamutchula kuti bwana, basi mutu unakula.

"Bwana, mukuvutikiranji? Magasiketi ndi zachikale. Anthu ozindikira ngati inu timawaikira silikoni."

"Ndimadziwa, kungoti ndinalibe nthawi."

Mlendoyo anafinyira chubu chonse cha silikoniyo, phala lomatira lija, pamalo pa gasiketi, n'kumanga mabawuti mochita kupondera sipanala ndi phazi. Pansi pa injini sanasuzumireko n'komwe. Usiku umenewo pakhonde sipanadonthe kanthu, ndipo a Ndimadziwa anaitana mkazi wawo kuti adzaone simenti youma. Sankadziwa kuti silikoni wofinyikira m'kati akuduka tizidutswa n'kumakatseka kasefa kamene oyilo amadutsapo popita kumutu kwa injini.

Tsiku lija linakwana. Mkuluyo anavala jekete yake yabwino, mwana wake, mkazi wa a Ndimadziwa, n'kumukweza kumbuyo kwa njinga. Atayenda theka la ulendo, pachitunda chopanda nyumba ngakhale imodzi, injini inayamba kugogoda ngati munthu akumenya chitini. Silikoni uja anaphulika, oyilo wotentha n'kuthira nsapato za mkuluyo. Kenako tayala lakumbuyo linakhukhuluza, zii.

Mkuluyo anatsika. Anagwada pamiyala ndi buluku lake lochapa, kupapasa pansi pa injini, kumasula waya, n'kusolola kamtengo kaja.

"Apongozi, ichi n'chiyani?"

Mkamwini uja anangoyang'ana kumbali ngati galu wakuba mazira.

Njingayo anaisiya m'tchire. Magalimoto amene anadutsa anali odzaza, ndipo amene sanadzaze sanafune anthu onona oyilo. Anayenda wapansi, mkuluyo atagwira phewa la mkamwini wake, dzuwa likuwawotcha. Anafika pachipatala madzulo, akupeza namwino akupanikiza mabenchi kukhoma. Panja panali okalamba ena atamatidwa thonje m'diso, akuseka ndi abale awo.

"Pepani agogo," anatero namwinoyo. "Dzina lanu tinaitana katatu. Madokotala anyamuka kale, adzabweranso chaka chamawa."

Mkuluyo anavula chipewa n'kuthokoza. Mkamwini uja anayamba kufotokoza za makaniko wachinyengo, koma palibe amene ankamumvera.

Chaka chinacho madokotala anabweradi, pa tsiku lake. Mkuluyo anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo, ali mumdima womwewo.

Phunziro: Gasiketi ikaphulika kachiwiri, vuto si gasiketi, funani chimene chikuiphulitsa, ndipo yambani ndi pamene munagwirapo inuyo. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Munthu amene wakhala ndi chinthu zaka zambiri mumvereni ngakhale maso ake atatha, ndipo wokutchulani bwana m'mbali mwa msewu musamupatse sipanala. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu onse a njinga zamoto, makamaka uja amene akayankhe kuti ndimadziwa.