Tsiku Limene Mayi Stabler Anakhoza

Mayi Arletta Stabler anali kudya buledi wawo wamasana okha, monga mwa masiku onse, pamene Bambo Lindqvist anagogoda.

Chipindacho chinali pansi penipeni pa nyumba yophunziriramo mbiri, pa yunivesite ina ku Nebraska. Zenera munalibe. Munali tebulo, mpando umodzi, ndi mashelefu a makatoni a zinthu zofukulidwa m'midzi yakale. Kiyi wake ankapatsidwa kwa okhawo amene akuphunzira mbiri yoyambirira ya anthu a ku America, koma achinyamata sankatsikirako. Ankati kumazizira.

Mayi Stabler anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Mwamuna anamwalira, ana ali kutali, foni simalira. Ankatsika basi kukadali chisisira cha m'mawa, chipale chofewa chozizira chili m'nsapato, n'kukhala pansipo mpaka dzuwa kupendeka. Phunziro lomwelo analibwereza kasanu ndi kamodzi. Kasanu ndi kamodzi analephera. Pepala lawo la mayeso linkabwera theka loyera, theka zolakwika.

M'kalasi ankakhala kumbuyo, mipando ya mbali zonse ziwiri ili yopanda munthu.

"Agogo aja akadzakhoza, ine ndidzakhala nditameranso mano," anatero mnyamata wina tsiku lina, anzake n'kufa nacho chiseko.

Bambo Lindqvist, mphunzitsi wa phunzirolo, anamva. Zinawapweteka. Iwo ankapuma ntchito chaka chomwecho, ndipo analumbira chamumtima kuti sachoka mayiyu asanakhoze. Anaona kuti vuto ndi cholembera basi, manja okalamba amachita mantha ndi pepala. Ndiye anakapempha akuluakulu kuti awayese pakamwa, n'kuvomerezedwa. Koma sanawauze mayiwo, kuopa kuwadzidzimutsa.

Sabata yapitayo anatsika ndi makapu awiri a khofi ngati munthu wongocheza. Anafunsa za chimanga choyamba, za midzi ya m'mbali mwa mtsinje, za nthomba imene inabwera ndi alendo. Mayi Stabler anayankha zonse, modekha, osaphonya. Kwawo, kwa anthu oyambirira a dzikolo, munthu sanama pakamwa pa nkhani ya makolo. Komanso panali patapita miyezi munthu asanawafunse kanthu.

Lero Bambo Lindqvist analowa akumwetulira, kalata ili m'manja.

"Mayi Stabler, khalani bwino pampandopo, mungandigwere."

"Ndalepheranso, eti aphunzitsi? Musavutike, ndinazolowera."

"Ayi ndithu! Khofi uja anali mayeso. Mwakhoza, mayi. Mwaposa kalasi yonse, ndi kamnyamata kamano kaja komwe!"

Mayi Stabler anaika buledi pansi. Anaiwerenga kalatayo kawiri, chala chikutsata mzere uliwonse. Kenako misozi inayamba kutsika, yambiri, yopanda phokoso.

Naonso aphunzitsi maso anawafiira. Zaka makumi atatu ali pantchito, sanachitepo chinthu chowakomera mtima ngati ichi.

"Lirani, mayi, mwaivutikira. Zatha tsopano. Simudzaonanso dzenje lozizirali. Lachisanu mukangosiya kiyiyo kwa alembi, basi, kapumeni kunyumba."

Mayiyo anapukuta nkhope ndi mpango. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kukasanjika dzanja pa katoni ina ya pa shelefu yachitatu.

"Aphunzitsi, mwandilakwira ndi mtima wabwino," anatero. "Muno muli mafupa a agogo awo a mayi anga. Anawafukula ndisanabadwe, ndipo kalata zanga zowapempha sizinayankhidwe. Ndinkalephera dala. Nanga kuyambira Lachisanu azikhala ndi ndani?"