Maola Asanu ndi Theka Kuchokera ku Riyadh

Mlendoyo anatsika m'boti la m'mawa pamodzi ndi mayi wogulitsa mkaka wa kutsidya. Bamboyo nkhope anali ataifunda mpango. Anakhala pabenchi pakasitolo ka tiyi ka bambo ake a Jhorna osanena chimene wadzera. Pachikwama chake panali kapepala ka ndege, ndipo Jhorna anaonapo dzina lakuti Riyadh.

Mwamuna wake anali kumeneko. Anakwatirana pa foni zaka zinayi zapitazo, shehe ali kuno, mkwati ali kuchipululu, ndipo Jhorna anali akadali kwa makolo ake kudikira tsiku lodzamutenga. Ankamudziwa pachithunzi chimodzi ndi mawu basi. Chaka chino mawuwo anatha, kunkangobwera mauthenga olemba.

"Amalume, ndege ya ku Riyadh imatenga nthawi yaitali bwanji kufika ku Dhaka?" anafunsa akuthira tiyi.

"Maola asanu ndi theka," anayankha ndi mawu osasa. "Makilomita opitirira zikwi zinayi."

"Basi? Kunyamuka m'mawa, mpunga wa masana n'kudzadyera kuno. Koma ena zawakanika zaka zinayi."

"Enawo ndani?"

Jhorna anaseka chobisa nkhope. Mkazi woleredwa bwino satchula dzina la mwamuna wake. Anangomuonetsa chithunzi pa foni: mnyamata wa masaya osalala, tsitsi lonyezimira mafuta.

Mlendo anachiyang'ana kwa nthawi yaitali, ndipo Jhorna anazindikira. Akumudziwa ameneyu. Wachita kutumidwa.

Pomwa tiyi, mpango unatsika. Tsaya lonse linali lopsa, khutu kunalibe. Jhorna anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana kumtsinje.

"Moto wa kufakitale," anatero mlendo. "Ambiri akubwera chonchi. Wanuyo atabwera chonchi, mungatani?"

"Musalodze, amalume." Anagogoda chithunzi chija ndi chala. "Ndadikira nkhope iyi. Inayo sindingathe n'kuiyang'ana komwe."

Mlendo anakweza mpango pang'onopang'ono. Anatulutsa kabokosi ka zibangili zofiira n'kukasiya pabenchi.

"Wandipatsira izi. Wati musamudikirenso."

"Wapeza wina?"

Mlendo anaimirira. Anatsikira kudooko n'kukwera boti lomwe lija, ndipo linanyamuka.

Jhorna anakhala pansi, zibangili zili m'manja. Maola asanu ndi theka okha, koma munthu n'kutuma mnzake kudzathetsa ukwati. Anali akulirabe pamene mayi wa mkaka uja anabwera kuchokera ku msika, zigubu zili zopanda kanthu, boti litasanduka kadontho pamadzi.

"Iwe mwana," anatero mayiyo akutula katundu, "njira yonse munthu uja amandifunsa ngati udzamulandire. Ndiye wamulola apite osalawa ngakhale mpunga? Ndinamuona akubadwa ameneyu. Ndi mwamuna wako, Mofijul."