Manja a Telala

"Ndikubwera tsopano, tcherani maso!" telala ananong'ona, uku akugunyuza mkazi wake. Banja lonse linadzaza mzere wathunthu m'holo ya kanema.

Filimuyo inali ya nthawi ya makolo, magalimoto asanachuluke. Iye anapatsidwa gawo losoka diresi la mtsikana amene ankakwatiwitsidwa mokakamiza. Tsiku lojambula anameta ndevu bwinobwino, tsitsi n'kulithira mafuta mpaka waliwali.

Koma kamera sinakwere n'komwe kumaso kwake. Inatsikira pa manja opukusa makina akale osokera, n'kukhazikika pomwepo. Gitala ankalira motsatira singano, pang'onopang'ono, ngati munthu wopita kumene sakufuna.

Kenako kamera inatembenukira pazenera. Panja panali mnyamata amene mtsikanayo ankamukonda, atagwira njinga. Itabwerera pa manja paja, anali ataima. Gitala naye zii.

Manjawo anatola sizasi n'kudula diresi lija m'mawondo, kuti lisakodwe m'masipoko. Pompo gitala anautsa liwiro, holo yonse n'kuphulika ndi kuseka ndi kuwomba m'manja.

"Nanga nkhope yanga ili kuti?" telala anadandaula. "Mafuta onse aja!"

"Musataye mtima, alamu," anatero mlongo wa mkazi wake. "Mwina makutu aoneka kumapeto."

Mkaziyo anapukuta misozi ya kuseka, n'kugwira dzanja la mwamuna wake, lokhakhala ndi zipsera za singano.

"Wojambulayo ali ndi maso, bambo a ana," anatero. "Inenso nkhopeyo ndimangoipirira. Ndinakopeka ndi awa."